Mvula ya m'Makope a Paison

Ine Esinala, wogulitsa milamba yowamba pamsika wa Bangula, ndili ndi pakamwa posatseka. Malemu amuna anga ankati ngakhale ndigone, milomo imapitiriza yokha. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu kuti pa zimene zinawagwera a Paison Jeremiya dzanja langa lilipo, ndipo mpaka pano mtima sunandikhale pansi.

A Paison si munthu woti mungacheuke kuti mumuonenso. Ndi aafupi, adazi, magalasi awo omanga ndi waya. Anabwera kuno ali mnyamata, akuthawa nkhondo ya ku Mozambiki ndi mayi awo, ndipo anakulira kumsasa wa othawa nkhondo kumunsi kwa Nsanje. Kumsasako kunafika katoni ya mabuku achingerezi akutha, ena opanda zikuto. Anzawo ankang'amba masamba n'kumapichirira fodya. Iwo anasankhamo atatu okhala ndi zithunzi za zombo zouluka pakati pa nyenyezi ndi anthu achitsulo, n'kuwabisa m'thumba la ufa. Chingerezi chawo anachitola mmenemo, liwu limodzilimodzi, ndipo mutu wawo sunabwererenso bwinobwino pansi pano.

Nkhondo itatha anzawo anakwera malole kubwerera kwawo, koma iwo anatsala chifukwa manda a mayi awo anali kuno. Anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu kuminda ya nzimbe ku Chikwawa, akuyang'anira mapampu okoka madzi m'Shire. Ankatiuza kuti ukamaswera tsiku lonse uli wekha ndi chitsulo chobangula, umayamba kuchilankhula, ndipo tsiku lina umadzimva ukuchichonderera kuti chisazime. Lamba wa pampu atawadya zala ziwiri za kumanzere, ntchito inathera pomwepo. Anabwera pa Bangula n'kuika kabenchi pansi pa mtengo wa msau, moyang'anizana ndi ife a nsomba, n'kumakonza mawailesi ndi matochi komanso kutchaja mafoni pa sola.

Akazi awo anali mayi Helena, mnzanga wa pamtima. A Helena anabadwira mu mpingo wina woletsa wailesi ndi mankhwala a kuchipatala. Ali mtsikana ankati akatumidwa kukagula mchere, amakaima kuseri kwa nyumba ya a Paison kuti amve nyimbo. Bambo awo atadziwa anawauza kuti asankhe, kwawo kapena munthu wa mawaya. A Helena anatuluka ndi chitenje chimodzi chomwe anavala. Mulungu sanawapatse mwana, ndipo atakula matenda a shuga anawatseka maso onse awiri. M'mawa uliwonse a Paison ankawakweza panjinga, kubwera nawo kumsika, n'kuwayalira mkeka kuseri kwa benchi.

Kulemba kunayamba chifukwa cha maso amenewa. A Helena ankadandaula kuti tsiku lawatalikira, ndiye amuna awo anagula kope la ana asukulu n'kuyamba kuwapekera nkhani m'Chichewa chathu chino chosakaniza ndi Chisena. Ankalemba m'mawa makasitomala asanachuluke, n'kuwerenga masana, nthawi ija dzuwa la kuno limathamangitsa ngakhale mbuzi pamsewu. Poyamba ankawerengera akazi awo okha motsitsa mawu. Kenako ine ndinayamba kusiya milamba yanga kwa ntchentche n'kusendera pafupi. Anyamata a kabaza anatsatira, amayi a masamba nawonso, mpaka pansi pa msau paja pankadzaza ngati pali mlandu.

Nkhani yake inali ya zaka mazana awiri kutsogoloku. Shire yense anali atamutsekera mu paipi yaikulu. Mitambo inkawetedwa ndi mbalame zachitsulo, ndipo mwini wa zonsezi anali makina otchedwa Mwinimadzi, okhala m'nsanja yaitali pamwamba pa phiri. Anthu anali ataiwala kuti makinawo anapangidwa ndi agogo awo. Ankawagwadira, kuwaimbira nyimbo, ndipo ansembe ake ankavala maovolosi oyera ndi magambuti. Makinawo anali ndi mkazi, mtsikana dzina lake Priska, amene anamutenga ali wamng'ono n'kumutsekera m'nsanjamo, waya ali m'khutu, kuti azimva zofuna za mwamuna wakeyo n'kuuza anthu. Ndiye panali Tembenuka, mnyamata wotsuka mapaipi, amene tsiku lina anamva mawu a Priska akuimba kudzera m'paipi. Nkhope yake sanaionepo, koma anamukonda mpaka anasiya kudya. Anathawira kudambo, kwa anthu oukira okhala m'mabango amene ankaboola paipi n'kumamwa madzi akuba, n'kulumbira kuti adzamutulutsa.

Abale inu, tinkakangana pansi pa mtengo uja! Ena ankati Tembenuka ndi chitsiru, mkazi wosamuona ungamufere bwanji. Ine ndinkati chitsiru ndi Priska, akanangozula wayayo m'khutu n'kulumpha pawindo. A Paison anali ataika msampha woipa m'nkhaniyo: Tembenuka akaphwanya makina, palibenso wodziwa kuweta mitambo ndipo dziko lonse lifa ndi ludzu, koma akawasiya, Priska afera m'nsanja. A Gilbert, mkulu wa mpingo wathu, ankati nkhaniyi ikunyoza pemphero ndipo Mkhristu sayenera kuimvera. Komatu sankajomba, ankabwera ndi kampando kawo. Akamatseka kope a Paison, a Helena ankafunsa funso limodzi lomwelo, ngati Priska atuluke. Amuna awo ankangowasisita dzanja n'kuwauza kuti adekhe, mapeto ndi awo, adzayamba ndi iwo kuwamva.

Pa zaka zisanu ndi zinayi analemba makope khumi ndi limodzi, lakhumi ndi chiwiri lili pakati. Kwina kulikonse kunalibe nkhaniyo, inali m'makope omwewo basi. Ankawasunga m'ndowa yapulasitiki ya chivundikiro chothina. Namondwe uja atabwera, madzi n'kulowa m'nyumba mpaka m'chiuno, anthu ankapulumutsa mbuzi ndi matumba a mapira. A Paison anabereka akazi awo kumsana, ndowa ili pamutu, mawailesi onse n'kuwasiyira madzi. Kumsasa wa othawa madzi tinawaseka kwambiri, ine ndikutsogolera, kuti adya mapepala. Anangoti pyadidi, zili bwino, mawailesi adzabwera ena.

Mu Disembala wa chaka chomwecho anatiwerengera gawo limene Mwinimadzi anakwiya ndi oukira aja n'kulamula mbalame zake kuti zithamangitse mitambo yonse kwa zaka zitatu. Analemba bwino kwambiri moti tinkamva kukhosi kuuma. Tinaombera m'manja, n'kubwerera kukapalira, chifukwa mvula yoyamba inali itagwa ndipo mbewu zinali zitamera bwino.

Mu Januwale mvula inadula. Chimanga chinapota masamba, kenako chinayera. Ngakhale mapira ndi mchewere, zimene sizigonja msanga, zinaweramitsa mitu. Amayi anayamba kupita kudambo kukazula nyika, timizu towawa tija ta m'madzi timene timadya njala ikafika posauzana, ndipo mmodzi ng'ona inamutenga anzake akuona. M'matchalitchi tinasala kudya, ngakhale kunena zoona panalibe chosala. Akuluakulu a makolo anakathira nsembe kukachisi. Masana aliwonse mitambo inkaunjikana chakumapiri a Thyolo, kuda bii, mphepo n'kubwera kudzaibalalitsa ife tikuyang'ana. Kwathu kuno zikatere anthu sanena kuti mvula yakana. Amati wina waimanga, ndipo maso amayamba kuyendayenda pa okalamba, a dazi, opanda ana, obwera.

Tsiku lina mu Febuluwale mitambo inafika mpaka pamwamba pa msika. Tinayamba kuvundikira nsomba, timadontho tiwiri titatu tinagwa pamalata, kenako mphepo ija inabwera n'kusesa zonse. Ine, pofuna kuti anthu aseke, ndinakuwa kuchokera pa milamba yanga:

"A Paison, tamuuzeni Mwinimadzi wanuyo atsegule mpopi, taumatu kuno!"

Anthu anaseka, iwonso anaseka n'kundiloza ndi sikuludiraiva. Koma ndinaona amuna awiri a kumudzi, amene anabwera kudzagulitsa mbuzi zowonda, akufunsa mnyamata wa kabaza kuti Mwinimadzi ndi ndani.

Sabata isanathe nthabwala yanga inali itafika m'midzi, kuseka kwake itakusiya pamsika. Kumeneko inkamveka kuti pa Bangula pali mkulu wina wa ku Mozambiki, wa mawaya padenga ndi galasi lakumwa dzuwa, amene analemba m'makope kuti mvula isagwe zaka zitatu n'kutsekera makopewo m'ndowa kuti asanyowe. Ankati ngakhale madzi a namondwe analephera kuwakhudza. Mkazi wake wakhungu ndiye mkazi wa mzimu wotchedwa Mwinimadziwo, n'chifukwa chake amakhala chete pamkeka, khutu lili tcheru. Anthu anabwera kudzatenga mafoni awo asanadzaze. Pansi pa msau panatsala a Paison, a Helena ndi ine.

Anabwera Lachinayi dzuwa lili paliwombo, anthu oposa makumi asanu, amuna ndi akazi, ena makasu ali paphewa. Patsogolo panali a Gilbert. Ndisawanamizire, sanabwere ndi nkhanza. Anamva kuti anyamata a mudzi wina agula petulo, ndiye anathamanga kuti atsogolere gululo zinthu zisanafike poipa. Anavula chipewa, anapereka moni, n'kufotokoza kuti anthu akufuna makope aja akaponyedwe m'Shire, kuti chomangidwacho chinyowe, chimasuke. Akatero palibe amene akhudze nyumba yawo.

A Paison anaimirira n'kuyamba kufotokoza mwaulemu ngati mphunzitsi. Anati ndi nkhani yopeka, ya zaka zimene tonsefe tidzakhale tili fumbi, makina otere kulibe, ndipo iwo ngakhale batire la njinga yamoto limawavuta. Mkulu wina anawadula n'kufunsa ngati analembadi kuti mvula isiya. Anavomera. Anafunsanso ngati mvula yasiya. Pamenepo a Paison anangoyang'ana pansi.

Ine ndinalowa pakati, chitenje ndamanga m'chiuno. Ndinawauza kuti mawuwo anachoka pakamwa panga, anali macheza, ndipo aliyense pano akudziwa kuti Esinala amalankhula ngati wamisala. Wina kumbuyo anayankha kuti wamisala anaona nkhondo. Kenako mayi wina anadzipanikiza kufika kutsogolo, mwana ali kumsana, tsitsi la mwanayo litafiira, mapazi atatupa. Sanakuwe. Analoza a Helena n'kunena kuti ngati makope akukanizidwa, atenge mayiyo akamumize m'madzi mpaka mwamuna wake wachitsuloyo amve. Amuna awiri anasuntha kulowera kumkeka.

A Helena sankaona, koma mapazi anawamva. Anafufuza mwendo wa amuna awo n'kuugwira.

"Bambo, apatseni. Koma muyambe mwandiwerengera mapeto."

"Mapeto sindinalembe, mayi."

Anapempha gululo sabata imodzi yokha kuti amalize. Anatsika kufika masiku awiri. Anthu anang'ung'udza kuti akufuna nthawi yoti amangitsitse. A Gilbert anapukusa mutu, misozi ili m'maso, n'kuwanong'oneza kuti sangathe kuwagwira anthuwa kupitirira lero.

Ndowa a Paison anaisenza okha. Kuchoka pamsika kukafika kumtsinje ndi kamtunda, ndipo njira yonse sanalole munthu kuwalandira. Pagombe anatsegula chivundikiro n'kuyamba kuponya limodzilimodzi, kuyambira loyamba lija la chikuto chobiriwira, limene ngodya zake zinali zitadyeka ndi zala. Makope samira msanga. Ankayandama atatambasuka, inki ikusungunuka, ena n'kukakodwa mu namasupuni, mpaka msodzi wina anawakankhira pakati ndi nsungwi. Lomaliza analigwira nthawi yaitali, anthu n'kuyamba kutsokomola. Ataliponya anatsuka ndowa ija, n'kubwerera nayo kumsika ili yopanda kanthu.

Mulungu andikhululukire, masiku amenewo ndinapemphera kuti mvula isagwe. Munda wanga womwe unkapsa, adzukulu anga ankagona ndi nyika m'mimba, koma ndinkati Ambuye, ingodikirani mwezi umodzi kuti anthuwa achite manyazi. Tsiku lachitatu masana kunagunda, ndipo inagwa mvula yoti ngalande zonse zinasefukira. Anthu anavina m'matope pamsika. Ine ndinakhala pa dengu langa ndikulira, milamba ikunyowa. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo imeneyi inawaonadi a Paison. Mbewu zambiri inazipeza zitafa kale, koma zimenezo palibe anaziwerengera.

Kuyambira pamenepo palibe anawaopsezanso. Zinasanduka zina zoipa kuposa. Anthu ankawapatsa moni atagwira m'manja, kuwapatukira panjira, amayi n'kumakoka ana awo akayandikira benchi. Amene ankamvera nkhani ija zaka zonsezi, amene ankadziwa bwino kuti Tembenuka ndi wopeka, nawonso anayamba kunena kuti komabe pali china chake. Kuwerenga kunatha. Masana a Paison ankangokhala, akumasula wailesi yakufa n'kuimanganso.

A Helena anawachonderera kuti mapeto aja angowauza pakamwa, kunyumba, chitseko chili chotseka. Anakana. Anati kuno mawu amamera miyendo, ndipo akanena kuti makina aphwanyidwa kapena asiyidwa, chilichonse chogwa kumwamba kapena chokana kugwa chidzabwerera pa mkazi wawo. Ankawaopera, koma ine ndikuti kukanako ndi kumene kunawamaliza mayi aja. Anasiya kubwera kumsika, shuga anakwera, chilonda cha kuphazi chinakana kupola. Mu Juni ndikuwasambitsa anandifunsa ngati ndikuganiza kuti Priska anatuluka. Ndinati ande, inde, anatuluka, anakwatiwa ndi Tembenuka, anabereka ana asanu ndi mmodzi. Anaseka pang'ono n'kundiuza kuti ndine wabodza, komanso kupeka sindikutha. Anamwalira sabata yotsatira, ndipo pamaliro panabwera anthu ochepa.

Dzinja lotsatira mvula inachedwa. Khirisimasi inadutsa kuli gwaa. Ndiye tsiku lina m'mawa ndinangoona anthu aima pa milamba yanga, ena mwa omwe aja, mayi wa mwana uja ali pomwepo koma kumsana kulibe kanthu. Ananyamula tambala woyera, kope latsopano la masamba makumi asanu ndi atatu ndi bolopeni. Anati popeza ine ndimagwirizana ndi a Paison, ndikawapemphere mwaulemu kuti alembemo kanthu, kalikonse, kuti akaponye m'madzi monga chaka chatha. Ndinafuna kuwatukwana mpaka agogo awo. Koma ndinayang'ana kumsana kwa mayi uja, ndinakumbukiranso za petulo, ndipo ndinalandira kopelo.

Nditawafotokozera, a Paison anaseka koyamba chimwalirire akazi awo, kuseka kosakoma kumva. Anati zaka zonsezi ankalota tsiku limene anthu adzabwere kudzawapempha kuti alembe, ndipo lero lafika, ndi nkhuku yomwe. Tambala anabweza. Kope anatenga.

Masiku awiri sanakhudze wailesi. Ndinkawaona kuchokera pamalo panga atawerama pabenchi, dzanja la zala zitatu litapanikiza pepala, linalo likuthamanga osapuma. Nthawi zina ankaima n'kucheukira kumbuyo, pamene pankakhala mkeka, milomo ikuyenda. Tsiku lachitatu m'mawa anandiitana. Kope linali litadzaza mpaka kuchikuto. Analipinda pakati, analikulunga ndi waya wa kopa, n'kupotokola nsonga zake ndi pulayala mpaka zinalowa m'pepala.

"Ndi mapeto aja?" ndinafunsa.

"Ndi omwewo."

"Ndiye Priska anatuluka?"

"Mwini funso limenelo anapita, mayi Esinala. Zili mmenemo. Kaponyeni."

Ndinawapempha kuti andiwerengere tsamba limodzi lokha lomaliza, ine ndekha, ndipo ndinalumbira pa manda a amuna anga kuti sindidzauza munthu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, osakwiya, n'kundifunsa kuti ndi liti pamene pakamwa panga panasungapo kanthu.

Kumtsinje iwo sanapite. Ndinanyamula ndine, gulu lili pambuyo panga likuimba nyimbo ya mvula. Sukulu ndinalekeza sitandade faifi, kuwerenga ndimatha ndithu, ndipo njira yonse chala changa chinkakanda waya uja pansi pa chitenje kuti mwina ndingasuzumire mzere umodzi. Waya wa a Paison sumasuka ndi chikhadabo. Ndinafika pagombe chala chikutuluka magazi, anthu atandizungulira, mayi uja ali pambali panga akundiyang'ana m'manja. Ndinaponya. Chifukwa cha kulemera kwa waya, ili silinayandame ngati anzake aja, linangoti thibu n'kumira pomwepo.

Mvula inadzagwa patapita masabata atatu, pa nthawi imene inafuna yokha. A Paison akadali pansi pa msau paja, akukonza mawailesi, ndipo m'ndowa muja amasungiramo mabatire akutha. M'mawa timapatsana moni. Za Priska sindinawafunsenso.